Chaka chimene ndinavala buluku

Ndikukumbukira kuti ife ana a ku Mzuzu tinkadziyesa akatswiri a kuzizira. Mwezi wa Juni tinkapita kusukulu ku Katoto chifunga chitaphimba msewu wonse, manja titapisa m'khwapa, ndipo tinkawaseka abale a ku Zomba akabwera kudzacheza n'kumangokhalira kukumbatira mbaula. Choncho mpingo wathu utandisankha kuti ndikaphunzire chaka chimodzi ku Canada, mosinthana ndi mtsikana wa kumeneko, za nyengo sindinaziganizire n'komwe. Ndinali mu Fomu 3.

Bambo anga anali kalaliki mu ofesi ina ya boma, ndipo nyumba imene tinkakhala inali ya boma lomwelo. Anali munthu wosachulutsa mawu. Kutatsala pang'ono kuti ndinyamuke ananditenga kumsika kukagula sutukesi, ndipo pobwerera, titafika pamalo opanda anthu, anayamba kulankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Kumeneko Amalawi aliko. Ena ndi ophunzira, ena anathawa, ena ntchito yawo ndi kuona ndi kutumiza mawu kuno. Sudzawasiyanitsa. Uzikavala monga umavalira kuno, ndipo za dziko lino usakayankhe."

Sanafunike kuwonjezera. Masiku amenewo lamulo linkaletsa mkazi kuvala buluku, ndipo mwana akachita zonyozetsa dziko ali kunja, ntchito ya bambo ake ndi nyumba zinkatha kupita tsiku limodzi.

Ndinafikira m'tauni yaing'ono yozunguliridwa ndi minda ya tirigu, kwa Mayi Ellen, amene mwana wawo Karen ndiye anapita ku Mzuzu m'malo mwanga. Ndinkagona m'chipinda cha Karen. M'kabati munali mabuluku ake onse, opindidwa bwino, poti anamuuza kuti ku Malawi sakawafuna.

Tsiku loyamba kusukulu, aphunzitsi atalowa ndinaimirira monga tinazolowera. Ndinaimirira ndekha. Aphunzitsiwo anacheuka kuyang'ana kumbuyo kwawo, kuyesa kuti mwina chinachake chagwa. Anzanga ankatafuna chingamu, ena atasanjika miyendo pampando, ndipo mnyamata wina anatsutsana ndi aphunzitsi mpaka belu kulira, popanda womutuma kukadula udzu. Masamu ndi galamala sizinandivute. Chinandivuta ndi funso limene aphunzitsi a mbiri yakale ankalikonda: iwe ukuganiza bwanji? Zaka za nkhondo ndi mayina a mafumu ndinkaziloweza, koma maganizo anga panalibe amene anandifunsapo chibadwire. Akandifunsa za boma la kwathu ndinkanena kuti dziko lathu ndi lamtendere ndipo lili ndi nyanja yokongola. Anandiyesa wamanyazi, ine ndinawasiya aziganiza choncho.

Kenaka kuzizira kunafika, ndipo ndinazindikira kuti ku Mzuzu tinkangosewera. Mphepo ya kumeneko inkaluma ngati nthawi imene wagwira poto wamoto, mamina ankauma m'mphuno, ndipo chipale chofewa chinkalira pansi pa nsapato ngati ukuponda shuga. Ine ndinkadikira basi ya sukulu nditavala jekete lalikulu la Mayi Ellen, koma kumunsi siketi yanga ya buluu ndi masokosi. Mayiwo ankandiikira buluku pabedi m'mawa uliwonse, ine n'kulibwezera m'kabati. Anayesa kuti ndi za chipembedzo, ndipo sanandikakamize.

M'mawa wina basi inachedwa. Nditafika kusukulu miyendo sindinkaimva, ndipo khungu la m'mawondo linali litatuwa ngati phulusa. Anandipititsa kwa namwino wa pasukulupo, mayi wonenepa wosadziwa kunyengerera, amene anandiviika miyendo m'madzi ofunda ine ndikulira ndi ululu. Atatha anandiuza kuti mawa ndibwere nditavala buluku, apo ayi ndisabwere.

Ndinayamba ndi kulivala mkati mwa siketi, ndikuoneka ngati munthu wosamuka amene wasowa pomangira zovala. Patapita masabata angapo siketi ndinaisiya. Palibe anacheuka. Ndinapeza kuti m'buluku munthu amakwera basi osagwira kumbuyo, amakhala pansi mmene wafunira, ndipo ali ndi matumba. Matumbawo ndinawakonda kwambiri.

Namwino uja ndi amene anauza Mayi Ellen kuti kuchipatala cha m'tauni yoyandikana nayo kuli bambo wina wa ku Malawi wogwira ntchito yoyeza magazi. Mayiwo, mwa mtima wawo wabwino, anamuitana kudzadya nafe Loweruka masana osandiuza, kuti ndidzadabwe. Sindikudziwa kuti bamboyo Mayi Ellen anamuuza zotani za ine. Ndinatsika masitepe nditavala buluku la Karen, manja ali m'matumba, n'kupeza pabalaza pali bambo wakuda, wa ndevu, akuzungulitsa chipewa m'manja.

"Uyu ndi Geoffrey, wa kwanu!" anatero Mayi Ellen, nkhope ili mwee.

Ndinaganiza zothawira m'mwamba kukavala siketi, koma anali atandiona kale. Ndinagwada pang'ono, zimene m'buluku zimaoneka zachilendo, n'kupereka moni.

"Kukaya nkhuni?" anafunsa m'Chitumbuka, kufuna kudziwa kwathu.

"Ndimakhala ku Mzuzu, bambo."

Chipewa chija chinaleka kuzungulira m'manja mwake. "Bambo ako amagwira kuti?"

"M'boma."

Sanafunsenso kanthu, ndipo dzina la makolo ake sanalitchule. Tinakhala patebulo n'kuyamba kulankhula Chingerezi. Tinakamba za chipale, za mtengo wa malasha, za kukoma kwa nkhuku ya Mayi Ellen. Ine ndinabisa miyendo pansi pa nsalu ya patebulo, m'maganizo ndikuona kale bambo anga akutulutsa mipando m'nyumba ya boma. Chakudya sichinkatsika. Ndinaona kuti iyenso mbale yake sinkachepa, koma chifukwa chake sindinachiganizire. Mayi Ellen ankatiyang'ana mosinthasintha, kudabwa kuti anthu a dziko limodzi akukhala ngati ali pamaliro a munthu wosamudziwa.

Potsanzika anandipempha kuti ndimuperekeze kugalimoto. Panja anaima n'kuyang'ana uku ndi uku, ngakhale kuti mumsewu munalibe ndi galu yemwe.

"Mayi anga ali ku Chibavi, ku Mzuzu komweko," anatero motsitsa mawu. "Akuluakulu a boma akamva kuti ndili kuno, akawavutitsa. Mwana wanga, ukabwerera, sunandione."

Ndipamene ndinamvetsa kuti masana onse aja bambo wamkulu wandevu ankaopa ine, mwana wa sukulu.

"Inunso simunandione," ndinayankha, ndikuloza buluku.

Analiyang'ana ngati akuliona koyamba, kenaka anaseka mpaka kutsamira galimoto, misozi ikuuma pamasaya. "Yewo chomene," anathokoza, n'kulowa m'galimoto. Sanabwerenso, ndipo Mayi Ellen anaganiza kuti nkhuku yawo sinamukomere.

Chaka chitatha ndinapinda mabuluku a Karen n'kuwabwezera m'kabati, ndipo ndinatsika basi ku Mzuzu nditavala siketi ya buluu, imene tsopano inkandithina. Bambo anandifunsa kamodzi kokha ngati ndinakumana ndi wina wa kuno. Ndinati ayi, iwo anagwedeza mutu, nkhani inathera pomwepo. Ku Chibavi ndinkapitako kawirikawiri kukagula masamba, ndipo mayi aliyense wokalamba ndinkamuyang'ana kumaso, koma kufunsa sindikanatha, ndipo ngakhale ndikanawapeza mayi a Geoffrey sindikanawauza kuti mwana wawo ali moyo.

Lero ndine mphunzitsi wopuma ntchito ku Nkhorongo. Adzukulu anga amapita m'tauni atavala mabuluku ong'ambika dala m'mawondo, ndipo m'minibasi anthu amanyoza boma mokweza mpaka kondakitala kuiwala kutolera. Ndikawasimbira nkhaniyi amaseka pa za siketi yovala pamwamba pa buluku, koma za Geoffrey sazimvetsa. Amafunsa kuti bwanji sitinangocheza. Ndimavomereza kuti funsolo ndi labwino. Anthu awiri a mzinda umodzi tinakumana kutsidya kwa nyanja, iye ali ndi ludzu lomva za kwawo, ine nditachokako kumene, ndipo masana athunthu tinakamba za chipale.