Bokosi la Kumanja

Bambo anga ndi kalipentala, ndipo pa nkhani ya matabwa simungawapusitse. Koma pa nkhani ya nyimbo amasanduka mwana. Chiyambire kale ankalakalaka chinthu chimodzi: kukhala pabalaza, nyimbo zikuwafikira kuchokera mbali zonse ziwiri ngati oimba alowa m'nyumba.

Ndalama yake anaisonkhanitsa movutikira, apa chitseko, apa kabati. Atapita nayo kwa mkulu wina wogulitsa zipangizo zamagetsi zakale, mkuluyo anawalangiza bwinobwino.

"Achimwene, ndalamayi muigawe pakati. Theka ampulifaya, theka masipika awiri. Musatengeke."

Bambo anavomera ndi mutu, koma mtima unali utapita kale pa chiampulifaya china chasiliva, cholemera ngati thumba la simenti, chokhala ndi timivi tiwiri tovina nyimbo ikamalira. Anatengeka basi. Yotsalayo inali yongokwana masipika awiri otchipa, kapena imodzi yabwino.

"Awiriwo akulira ngati chitini," anatero Bambo. "Ndipatseni imodzi yeniyeniyo. Inzakeyo ndidzagula mwezi wamawa."

Mwezi wamawa umenewo ine ndinakula nawo.

Mabokosi okha anakhoma awiri, a matabwa abwino, opaka polishi mpaka kudzionera nkhope. La kumanzere analowetsamo sipika ija. La kumanja linangokhala ndi chibowo chophimba ndi nsalu yakuda. Alendo ankayamikira onse awiri, ndipo Bambo sankawatsutsa. Amayi ankasungamo ulusi ndi makandulo, ndipo chaka china mphaka anaberekeramo.

Sikuti Bambo analeka kusunga ndalama. Kungoti ikatsala pang'ono kukwana, kunkatulukira china: denga ladontha, mchimwene wanga wathyoka mkono, fizi yanga yakwera. Ankatulutsa osanyinyirika. Akabwerera kusitolo ankapeza mtengo nawonso wathawira kutsogolo. Ndinkawamvera chisoni, chifukwa ndinkadziwa kuti mbali ina ya sipikayo ndikuidya ndine.

Ampulifaya ija inkagawa nyimbo pawiri, zina kumanzere, zina kumanja. Pa makaseti akale a kwaya amene Bambo ankawakonda, wotsogolera nyimbo ankamveka kumanzere, ovomera kumanja. Ndiye kwathu wotsogolera ankati akaimba mzere wake, kunkangoti zii, gitala yekha akulira chapatali, ngati munthu wapereka moni m'nyumba yopanda anthu.

Mpata umenewo ankautseka ndi Amayi. Loweruka masana, akusita zovala pakona pa balaza, ndiwo ankavomera. Mawu enieni a nyimbozo sankawadziwa, poti anali asanawamvepo. Ankangoikamo awo. Wotsogolera akafuula za kumwamba, Amayi ankayankha mokoma kuti shuga watha. Akabwereza, ankayankha kuti amene wasiya mbale yakuda adzionera yekha. Ife ana tinkagwa nazo pansi ndi phwete.

"Mayi, mukuononga nyimbo," Bambo ankadandaula.

"Ndiononga chiyani, poti theka lake munalisiya kusitolo?"

Titayamba ntchito tinafuna kuwagulira sipika inayo, koma anakana kwamtuwagalu. Anati chimene anachiyamba ndi manja awo adzachimaliza okha. Imvi zitayamba kale, anapeza ntchito yokhoma madesiki a sukulu ina, ndipo atalandira malipiro sanapitire kunyumba. Anazungulira masitolo mpaka anapeza sipika yofanana ndi yakale ija. Anabwera ataikumbatira pachifuwa, osalola ngakhale mchimwene wanga kuwalandira.

Anatiitana tonse Loweruka. Anatulutsa ulusi ndi makandulo, n'kumanga sipika ndi masikuluwu, n'kulumikiza waya. Anaika kaseti, n'kukhala pakati penipeni. Wotsogolera anaimba mzere wake, ndipo kuchokera m'bokosi la kumanja munatuluka gulu la azimayi, mawu osalala, ogwirizana bwino. Bambo misozi inalengeza. Ine ndinasangalala nawo kwambiri, chifukwa ndinali ndisanawaonepo atapeza chinthu chawochawo.

Amayi anaimika simbi, n'kumvetsera mpaka nyimbo inatha.

"Kani amaimba chonchi?" anatero chapansipansi. "Ndiye ine zaka zonsezi ndinkangobwebweta."

Tinaseka, koma iwo sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo ankasita ali duu. Tikawanyengerera ankati azimayi a m'bokosiwo akuimba bwino, palibe chowasokonezera. Manyazi anali atawagwira, munthu amene sindinamuonepo akuchita manyazi ndi aliyense.

Bambo anapitiriza kukhala pampando wawo wa pakati. Nyimbo zinali zathunthu tsopano, monga ankafunira. Koma ndikapita kukawaona ndinkapeza khosi lawo litapotokera kupakona, kumene kunkangomveka simbi ikukhula malaya. Kaseti isanathe ankadzuka, ati akaone ngati guluu wauma kushedi kumene ankapalira matabwa.

Loweruka lina ndinawapeza atagwada kuseri kwa bokosi la kumanja, akupumira m'mwamba. Ndinawaona ndi maso angawa akuzula waya n'kumukankhira pansi pa kapeti. Atandiona anandigwedezera mutu kuti ndisatsegule pakamwa.

"Yapsa," analengeza akudzikung'untha mawondo.

"Yatsopanoyo?" Amayi anafunsa ali pa simbi.

"Zinthu za masiku ano, Mayi. Sizikhalitsa."

"Ndalama zonse zija?"

"Zapita. Tidzaona mwezi wamawa."

Anaika kaseti n'kukhala pansi. Wotsogolera anaimba mzere woyamba, kunali zii. Anaimba wachiwiri, kunalinso zii, ndipo ndinaona Bambo akupotokola zala, nkhope itagwa. Pa mzere wachitatu Amayi anatembenuza malaya, n'kukonza kukhosi, n'kuvomera ndi mawu awo onse:

"Kalipentala wabodza, waya wazula yekha!"