Dzanja la a Chikopa

Alamu anga, amuna a malemu achemwali anga, msewu wathu wonse umawadziwa ndi dzina loti a Chikopa. Dzinali silinachokere kutali. Anayamba kukazinga nkhuku ndi tchipisi ndevu zisanamere, ndipo mafuta anawadya manja mpaka zikhatho zinauma gwaa ngati kunsi kwa nsapato. Nthuli ikakanirira m'chiwaya ankangoitola ndi zala, mafuta ali pwatapwata, n'kupitiriza nkhani yomwe amakamba.

"Alamu," ndinkawaputa ine, "koma achemwali anga anali opirira, kusisitidwa ndi sandipepa zaka zonse zija."

"Soka zovala zakozo, mlamu," ankatero. "Iwe kasingano kakakubaya, msewu wonse umayesa kwagwa zovuta."

Ine ndine telala. Kashopu kanga kagundana khoma ndi malo odyera omwe iwo ankagwirako ntchito, aja ogula uli chiimire n'kumapita. Choncho zomwe ndikunenazi si za m'maluwa ayi. Ndinaziona ndi maso angawa, ndipo dzino langa lina linatsala komweko.

Achemwali atatisiya, a Chikopa anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi. Anamulera okha, kumuchapira, kumuluka tsitsi ndi manja awo okhakhalawo, mwana akupita kusukulu mizere itakhota koma akunyadira. Kukwatiranso anakana, mowa samwa, chawo chinali kudzuka m'mawa, kusefa mafuta, kuimba nyimbo imodzimodzi yosamveka mutu wake. Chinthu chimodzi chokha sankamulola mwanayo: kuyandikira moto. Ngakhale tiyi wa kunyumba ankaphika okha. Anthu anayamba kumutchula Dona, chifukwa mtsikana wamkulu ndithu koma manja osalala ngati a khanda. Atamaliza sukulu ntchito n'kusowa, bambo ake anamupemphera malo pa kauntala pomwepo, koma anapangana ndi eni malowo kuti m'khitchini asadzapondemo.

"Zipsera za banja lathu ndinatenga zonse ine," ankatero. "Uyu khungu lake likhale mmene amayi ake analisiyira."

Eni malowo tinkawatchula a Changu, poti ndiwo mawu okhawo omwe ankatuluka pakamwa pawo. Changu, changu, dzanja lili pa belu. Kale supu wa nkhuku ankamuthira m'makapu apepala n'kumuika pa shelefu kuti apoleko pang'ono. Tsiku lina kasitomala wina anabweza kapu, akuti supu wazizira, basi a Changu anazula shelefu ija ndi manja awo. Kuyambira pamenepo, akuti, supu azichoka mumphika akuwira, kulowa m'kapu, kupita m'manja mwa munthu. Anasinthanso zivindikiro, kugula zina zotchipa zomwe zinkangokhala pamwamba ngati chipewa chobwereka.

Alamu anga anadandaula kuti tidzaotcha anthu. A Changu n'kuti, "Ndiye muziyesa inuyo." Anagwirizana zoti kapu iliyonse a Chikopa aziifumbata kaye. Akaigwira osaiponya, ndiye kuti supu wapola, apite. Aliyense anaona ngati ndi nzeru. Munthu wakulira pamoto angalakwitse? Komatu kumeneko kunali kutuma wakhungu kuti akaone ngati kwacha. Kuwonjezera apo, alamu anamugulira Dona kathireyi kuti zala zake zisamakhudze kapu. Ndiye kuchokera mumphika mpaka pa kauntala, dzanja lokhalo lomwe linkagwira supu uja linali dzanja losamva.

Tsikulo anali masana a Lachisanu, mzere wafika mpaka pakhomo panga. Pamzerepo panali mayi wina, mkazi wa mmisiri wowotcherera zitsulo wa kumunsi kwa msewu, munthu wofatsa yemwe ndinamusokerapo siketi. Dzanja lina chikwama, lina phukusi la tchipisi. Dona anamukankhira thireyi. Mayiyo anatola kapu ndi nsonga za zala, inamutentha, ndipo m'malo moiponya anaikumbatira pachifuwa ndi mkono. Chivindikiro chija phuu!

Kukuwa kumeneko sindidzakuiwala. Ndinasiya makina akuzungulira. Ndinamupeza ali pansi akugubuduzika, bulauzi ya nayiloni itamatirira pakhungu kuyambira m'khosi mpaka m'mabere. Wina akuti muswereni dzira, wina akuti mankhwala otsukira mano, wina akungojambula ndi foni, galu ameneyo. Ine ndinathamangira ndowa yanga ya madzi n'kumukhuthulira. Mayi wina atayesa kumuvula bulauzi, khungu linatsatira.

A Changu anatuluka, kuyang'ana, n'kuti, "Kodi tinakuuzani kuti muzigwira ndi mabere?" Atatero analowa m'galimoto yawo, osati kuti anyamule wopsayo ayi, koma ulendo. Mayiyo anapita kuchipatala pa galimoto ya munthu wongodutsa.

Anthu sanabalalike. Mlandu unazengedwa pakhonde panga pomwepo. Wometa tsitsi akuti wolakwa ndi mayiyo, supu ndi wotentha chilengedwere, ngakhale mwana amadziwa. Wogulitsa nyuzipepala akuti ayi, ndi mtsikana uja, bwanji osamuchenjeza? Wina akuti ndi ophika. Dzina la a Changu silinkatchulidwa mokweza, poti ambiri mwa oweruzawo mashopu awo ndi a bwana omwewo. Dona anali akadali kuseri kwa kauntala. Ndinamuuza kuti apite kunyumba, iye akuti, "Mayi aang'ono, ndikachoka abwana andichotsa ntchito." Bambo ake anaima nthawi yaitali akuyang'ana chikhatho chawo, kenako anatulukira khomo lakumbuyo kukatenga mbatatesi, poti ntchito sinaimitsidwe.

Dzuwa litapendeka mmisiri uja anatulukira kuchokera kuchipatala, mng'ono wake ali pambuyo, aliyense chitsulo m'manja. Maso ali psuu. Mlonda atangowaona, phazi thandize. Chitsulo chinagwera pagalasi loikamo nkhuku zokazinga, phwaa! Mipando inauluka, furiji ya zakumwa inagwa chafufumimba, mabotolo kusweka mpaka mumsewu.

"Ndani wamuthira moto mkazi wanga?"

Chala cha wogulitsa nyuzipepala chinadzuka n'kuloza Dona. Bambo ameneyo mpaka lero sindimupatsa moni, ndipo akadzafa sindidzapitako.

Mmisiri anamugwira Dona tsitsi n'kumukoka pamwamba pa kauntala ngati thumba. Mbama, ina mbama. Ine ndinalowa ndi simbi yanga n'kumumenya nayo paphewa, koma mng'ono wake anandipatsa chigongono pakamwa, ndinagwera m'magalasi ndikulavula magazi ndi dzino. Pomwe ndinkadzuka anali atamukokera mwanayo m'khitchini, malo omwe sanapondemo chiyambire ntchito. Chiwaya chinali chikadali pamoto. Mmisiri anataya chitsulo, anatola kapoto, n'kutunga mafuta.

"Naye apse," anatero. "Mkazi wanga akulira ngati nyama uko. Naye apse pomwepo."

Apo ndi pomwe alamu analowa, thumba la mbatatesi paphewa. Analigwetsa pansi. Sanakuwe. Analankhula mwaulemu ngati akupereka moni.

"Achimwene, mwalakwitsa munthu. Supu ndaphika ndine, ndathira ndine, ndanena kuti wapola ndine. Mwanayo wangokankha thireyi. Thirani ine."

"Iwe?" Mmisiri anaseka kuseka koipa. "Si ndiwe Chikopa iwe? Ndikathira iwe sumva kanthu. Ndithira uyu, ndiye umva bwino."

Mkono wa mmisiri unakwera m'mwamba. Dona anaphimba nkhope. Alamu anga, munthu wolemera thupi yemwe sindinamuonepo akuthamanga, anadumpha n'kugwira kapoto kaja ndi dzanja lamanja, zala kulowa m'mafuta. Anakokana. Mmisiri akukankhira kwa mwana, iwo akupindira kwa iwo eni, mng'ono uja akuwamenya chitsulo kumsana, iwo osasiya. Kenako kapoto kanapendama. Mafuta onse anatsika ndi mkono wawo, kulowa m'malaya, mpaka m'khwapa ndi m'nthiti, komwe kulibe chikopa chilichonse, kuli khungu la munthu ngati langa ndi lanu. Mayo ine, analira alamu anga! Ndinamva fungo ndisanaone bala, ndipo kuyambira tsikulo nyama yokazinga sindiika pakamwa.

Mmisiri anaterereka pamafuta n'kumenyetsa mutu pa sitovu. Apo ndiye anthu aja anapeza mphamvu. Omwe aja anangoima n'kumaonerera mwana akukokedwa tsitsi, anakhamukira mkati ndi miyala ndi miyendo ya mipando, kumupondaponda munthu ali pansi mpaka nsagwada kuthyoka. Mng'ono wake anathawira pawindo. Apolisi akanachedwa tikanakamba za maliro. Ine ndinalibe nazo ntchito, ndinali pampopi ndi alamu, madzi akutsika, Dona atawagwira mutu.

M'mawa mwake a Changu anatulukira ndi wolemba zikwangwani. Pakhoma panalembedwa kuti CHENJERANI, ZAKUDYA ZATHU N'ZOTENTHA, ndipo apolisi atabwera anawaonetsa ngati mawuwo analipo kale, penti asanaume n'komwe. Anawauza kuti woyesa supu anali Chikopa, wopereka anali Dona, wokumbatira anali kasitomala, iwo pa nthawiyo anali mu ofesi. Taonani zake: mmisiri m'chitokosi, mkazi wake wagona chagada ku wodi ya azimayi, alamu anga ku wodi ya azibambo, koma yemwe anazula shelefu akugulitsabe supu ndi wophika watsopano. Mukandifunsa ine, wolakwa ndi ameneyo, ndipo ndimanena mokweza pakhonde panga kuti amve, kaya andithamangitsa mushopumu. Koma alamu safuna kumva zimenezo. Iwo amangoti, "Ndinati wapola ndine, mlamu. Mayi uja anakhulupirira dzanja langa."

Tinaloledwa kuwaona patapita masiku. Adokotala anatikokera pambali n'kutiuza kuti moyo ulipo, koma mkonowo sudzapindikanso ndipo zala sizidzagwiranso ngakhale supuni. Dona analira panja pa wodi mpaka ndinamukalipira kuti apukute nkhope. Tinalowa. Alamu anali atakulungidwa mabandeji kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, milomo itauma. Sanafunse za mkono wawo, sanafunse za ntchito.

"Dona, bwera kuno kuwindo. Tembenuka. Uku. Kweza tsitsi ndione khosi." Mwana anatembenuka. Zotupa za mbama zija zinali zitaphwa. "Pinda malaya."

"Ababa, ndili bwino."

"Pinda malaya ndati."

Anapinda pang'onopang'ono. Pamkono wamanzere, pamwamba pa pomwe amavala wotchi, panali kabala kakang'ono ngati nyemba, pomwe dontho la mafuta linagwera. Anali atandibisira ngakhale ine.

Alamu anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kukhoma, mapewa n'kuyamba kugwedezeka.

"Ababa, n'kakang'ono. Sikanawawe n'komwe."

"Ukundinamiza ine za moto?" anatero ali chiyang'anire kukhoma. "Kanakuwawa, mwana wanga."