Chiwindi cha Mbuzi za Che Abdulwahab

Che Abdulwahab akhala akuzinga mbuzi pa Nsanama zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo sanakhulupirirepo munthu. Mpeni wawo sagwiritsa wina. Ukawapatsa moni wautali, amayamba aganiza kaye chimene ukufuna.

Amene ankamukayikira koposa anali mng'ono wawo, Hassani. Chaka china cha chilala mbuzi zawo zinayamba kuonda, ndipo akang'amba chiwindi ankapezamo tizilombo taphanthiphanthi ngati timasamba. Za Hassani zinali zonenepa bwinobwino. Sanafunse munthu, anangodziwa kuti mng'ono wawoyo wawatchera mankhwala. Zaka khumi ndi ziwiri zinadutsa, ngakhale mumzikiti osaima mzere umodzi. Zinkawapweteka, pakuti m'mimba mwa mayi awo anabadwa awiri okha, koma ankati bola kupweteka kusiyana n'kupusitsidwa.

Tsiku lina la msika panafika mayi wa ku yunivesite, dzina lake Joanna. Iye ndi anzake ankakumba cha ku Rivirivi, pamene panali khola la anthu akalekale, ndipo ankafuna ndowe za mbuzi yodwala kuti ayerekeze ndi zimene anafukulazo.

"Wakutumani ndani?" anafunsa Che Abdulwahab.

"Palibe, bambo. Anthu angondilozera kwa inu."

"Anthu ake ati? Hassani?"

Kunena zoona, ndani sakanakayika? Munthu wa nsapato zabwino kusiya nyama yofiira n'kumapempha ndowe! Anamuzunguza mayiyo mpaka dzuwa kupendeka, kenaka anati, "Ndikupatsani, koma ndikaone ndi maso angawa komwe zikupita." Anakweradi minibasi ya ku Balaka, jumbo ya ndoweyo ataifungata okha pamiyendo.

Kumeneko Joanna anawakhazika pa makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Pa kagalasi koyamba panali ndowe zawo, ndipo anaona timazira tachikasu. Pa kachiwiri panali dothi lotapidwa pakati pa mafupa a mbuzi za m'khola lakale lija. Timazira tomwe tija.

"Iyayi, mwasinthanitsa magalasi," anatero.

Anapukuta poyang'anira ndi mkono wa mkanjo, n'kuuza mayiyo kuti atape dothi lina iwo akupenya. Sizinasinthe.

"Mbuzi zake n'za liti zimenezi?"

"Zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo, mwina kuposa. Timazirati n'ta tizilombo ta m'chiwindi, timene timaswana m'nkhono za m'dambo, ndiye mbuzi imatitola ikamadya msipu wa pamenepo."

Apo Che Abdulwahab anakumbukira. Chaka cha chilala chija ndi iwo amene anayamba kutsikira nazo mbuzi kudambo, Hassani akudyetsabe zake kumtunda. Tizilombo tinalipo agogo a agogo awo asanabadwe, iwo n'kumatisenzetsa mwana wa mayi awo. Manyazi anawagwira mpaka kulephera kumuyang'ana mlendoyo kumaso.

M'mawa mwake anazinga mbuzi yabwino koposa, n'kudula mwendo wonse, ulendo kwa Hassani. Mng'ono wawoyo analandira ndi manja awiri.

"Zikomo, achimwene," anatero, koma mphasa sanayale.

Che Abdulwahab anaima kanthawi, kenaka anatsanzika. Asanafike ndi pamsewu pomwe, anamva Hassani kuseri kwa mpanda akuuza mkazi wake motsitsa mawu:

"Zaina, nyamayi usaphike. Kaikwirire kumunda, ndipo ana asaikhudze."