Mayi Radmila ndi Mazenera Awo

M'tauni mwathu muno aliyense amawadziwa mayi Radmila chifukwa cha mazenera. Akakwera basi, kaya kutenthe chotani, amayamba kutseka zenera la pampando wawo, kenaka la munthu wakutsogolo, osapempha n'komwe. Anasoka malaya pafakitale mpaka inatsekedwa, ndipo anzawo amati m'chipinda chosokeramo munkangomveka thukuta ndi mafuta a makina, poti Radmila ankakhala pazenera ngati mlonda. Sikuti ndi okha. Tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti promaya, mphepo ija imalowera pazenera n'kutulukira pakhomo, imaumitsa khosi, ndipo ikakupeza uli thukuta kamukamu imakupotoza kamwa. Kungoti enafe timaiwalako. Iwo sankaiwala.

Amuna awo, a Milutin, anali ometa tsitsi m'kachipinda kogundizana ndi nyumba yawo. Dzanja lawo lamanja linkayendetsa sizasi ngakhale pamene sakudula kanthu, kungoti tcheketcheke m'malere uku akukamba za mpira. Kukatentha ankatsegula chitseko ndi zenera lomwe, ndipo mkangano wa banja lawo unali womwewo chikwatiranirane.

"Mayi ake Gordana, mukadzandiika m'bokosi mudzaboole kabowo, ndizidzapumirako," ankatero.

"Ndidzakhoma ndekha misomali, m'mbalimo n'kutsekamo ndi thonje," ankayankha mayiwo.

Tsiku lina mapulamu anali atayamba kupsa, dzuwa likuswa mtengo. A Milutin analowa kudzamwa khofi wam'mawa, kapu n'kuwapulumuka m'dzanja. Mayi Radmila atacheuka anaona kamwa la amuna awo litagwera kumanja, mawu akutuluka ngati a munthu wavwira mbatata yotentha. Anasuzumira kometera kuja: chitseko pululu, zenera pululu. Sanakayike n'komwe. Anatseka paliponse, anawagoneka, anawatikita tsaya ndi khosi ndi rakiya, kachasu wathu wa mapulamu uja, anawakulunga mpango waubweya, n'kuwaikira mchere wotenthetsa m'sokosi. Umu ndi momwe amayi awo ankachitira. A Milutin akayesa kuyankhula, ankawauza kuti akhale chete, aona okha zomwe kusamva kumabala.

Mwana wawo Gordana anafika masana ndi tsabola wa kumsika. Ataona bambo ake anaponya thumba pansi, ananyamula mkono wawo wamanja n'kuusiya, ndipo unagwa ngati nsanza yonyowa.

"Amayi, iyi si mphepo. Ndi sitiroko. Zayamba nthawi yanji?"

Mayiwo anangoyang'ana kapu yosweka ija, khofi atauma kale pansi.

Ambulansi inawatengera kuchipatala chachikulu cha mumzinda. Dokotala Jevtić, mayi wamfupi woyankhula mothamanga, anafunsa funso lomwe lija, ndipo atamva za khofi wam'mawa anayang'ana wotchi ya pakhoma. Sanakalipe. Anamasula mpango uja, nawapatsira mayi Radmila m'manja, n'kunena kuti mankhwala osungunula magazi oundana nthawi yake yadutsa. Chotsala chinali kulowetsa kachubu pamtsempha wa m'ntchafu mpaka kukafika ku ubongo, kukakoka chatsekacho. Koma asanatero ankafuna aone pachithunzi kuti chili pati, n'chotani, komanso ubongo womwe ungapulumuke watsala wochuluka bwanji.

Anawakankhira a Milutin m'chipinda cha makina ojambula m'mutu, aja okhala ngati mphete yaikulu, n'kutseka. Mayi Radmila anakhala pabenchi, mpango uli pamiyendo ukununkhabe rakiya. Kumapeto kwa khonde kunali zenera lotsegula, ndipo chitseko cha kutsidya chikatseguka kamphepo kankawadutsa m'khosi. Anadzuka osadziwa kuti adzuka. Gordana anawagwira siketi.

"Khalani pansi, amayi. Lero lokha."

Dokotala atawaitana, anawaonetsa chithunzi chotuwa chokhala ngati mtedza woswa pakati. Anafotokoza mofulumira, chala chili pagalasi. Anati magazi oundana sakhala amtundu umodzi. Ena amakhala ofiira ndi ofewa. Amenewo pachithunzi amawala ngati kaulusi koyera, ndipo kawirikawiri savuta kutuluka. Ena amakhala otuwa, olimba ngati mnofu wa mitsempha, ndipo pachithunzi choyamba saoneka bwino. Umangowadziwa poti mankhwala owalitsa mitsempha akafika pamenepo amaima.

Mayi Radmila anafunafuna kaulusi koyerako ndi maso a munthu wazolowera kulowetsa ulusi pasingano. Sanakapeze. Anangoona mtsempha wowala ukuyenda bwinobwino, kenaka n'kudukira panjira.

"Ndiye n'cholimbacho, adokotala?"

"Chikuoneka choncho, mayi. Kukoka kamodzi mwina sichibwera. N'chifukwa chake ndiyamba ndi zida ziwiri nthawi imodzi, kokola ndi koyamwa, kusiyana n'kutaya nthawi kuyesa chimodzichimodzi."

Mayiwo anafunsa ngati zikanasintha akanabwera nawo m'mawa muja. Dokotala anati choundana chamtundu umenewu nthawi zambiri sichimvera mankhwala ngakhale munthu afike msanga, komabe ubongo sudikira. Mbali ina yafa kale ndipo sidzabwerera. Mbali yoyendetsa dzanja ndi lilime inali ikadali moyo, koma ikufooka. Atatero anathamanga.

Nthawi ya pabenchi ija mayi Radmila saikumbuka bwino. Amakumbuka kuti mayi wina wokolopa anawauza kuti akweze miyendo, ndiponso kuti kometera kuja anasiya kasitomala atakhala panja, akudikira kuti a Milutin amalize khofi. Ankaganiza za dzanja lija. Munthu amene ankakamba nkhani kuyambira potsegula mpaka potseka, akakhala wosayankhula, wosagwira sizasi, adzatani m'nyumba yotseka mazenera, ndi mkazi amene anamuuza kuti akhale chete?

Dzuwa litapendeka dokotala anatuluka, chipewa chili m'manja, tsitsi litamatirira pachipumi. Anati choundana chija chinakana kawiri, n'kubwera ulendo wachitatu. Anawaonetsa pakansalu: kanthu kotuwa, kochepa kuposa njere ya mpunga. Mayi Radmila anakayang'anitsitsa. Ankayembekezera chinthu chachikulu.

A Milutin anakhala m'chipatala mpaka mapulamu anatha m'mitengo. Kamwa linawongokako, koma mawu ankabwera amodziamodzi, ena n'kusochera panjira. Dzanja linali chigonere pabulangeti, ndipo madokotala ankangoti tidikire.

Masana ena kunatentha kwambiri m'chipinda chomwe anagonekedwa. Odwala anzawo ankadzikupiza ndi manyuzipepala, koma palibe analimba mtima kukhudza zenera mayi Radmila ali pomwepo. Iwo ankawapukuta amuna awo thukuta pakhosi pamene anaona bulangeti likugwedera. Dzanja lamanja linadzuka pang'ono, likunjenjemera, zala ziwiri zitaloza kuzenera. Zinatseguka, n'kutsekeka, ngati sizasi yobuntha.

"Ka... bowo," anatero a Milutin.

Mayi Radmila anaika pansi kansalu kopukutira thukuta. Anapita kuchitseko, anachitseka bwinobwino, n'kuchikankha ndi phewa kuti atsimikize. Kenaka anayenda mpaka pazenera, anatembenuza chogwirira, n'kulitsegula mpata wokwana dzanja limodzi.

Kometera kuja a Milutin sanabwerereko ngati kale. Amameta okalamba anzawo okha, osapupuluma, ndipo mzere wa tsitsi kumbuyo kwa mutu umakhota. M'basi mayi Radmila amatsekabe mazenera a anthu. Koma mlungu wathawu, bambo wina atadandaula pamsika kuti mkazi wake wadzuka kamwa litapotoka ndi promaya, mayiwo anamulanda thumba la anyezi n'kumukankhira kumsewu kuti akaitane ambulansi.