Loko wa pa Chitseko cha Kudenga

"Loko uyu wadzikoleka yekha? Ndikufunsa inuyo a kapitawo, musayang'ane kukhoma. Ndani wakhoma chitseko ichi?"

Amene ankakalipa chonchi pamwamba pa masitepe anali Anasimbi, mayi wochapa ndi kusita pa nyumba yogona alendo. Antchito anzawo anatuluka m'zipinda matsache ali m'manja, poti chiyambire anali asanawamvepo mayiwa akukweza mawu. Dzinalo anawapatsa ndi ophika, chifukwa simbi sinkachoka m'dzanja mwawo. Ndi anthu aja ukawapatsa moni amayankha ndi mutu, n'kupitiriza kupinda thaulo.

Musanawaweruze, kaoneni kaye kumene amagwira ntchito. Ndi kachipinda ka pansi, kuseri kwa khitchini, kopanda windo ngakhale kabowo. Babu limayaka dzuwa lili phwee kunja. Mpweya wake ndi nthunzi ya sopo, khoma limachita kutuluka thukuta, ndipo makina ochapira akayamba kuzungulira munthu umanjenjemera mpaka mano. Kunyumba nako n'chimodzimodzi: chipinda chimodzi, bedi lomwe mbali ina inazizira bambo atamwalira, ndi mpando wa mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa kutali, uja amaimba foni akakumbukira. Kuchoka m'bokosi m'mawa, kukalowa m'bokosi lina. Moyo umenewo inuyo mungaupirire?

Chinkawasunga ndi denga. Denga la nyumbayo ndi lasimenti, lathyathyathya, pali thanki ya madzi ndi mawaya oyanikapo zovala. Dzuwa likakwera, Anasimbi ankasenza beseni la nsalu zonyowa n'kukwera nalo. Akafika ankavula nsapato, mapazi n'kuponda simenti yofunda. Mphepo inkawamenya ndi nsalu kumaso ngati mwana wamasewera. Ankaona madenga a dzimbiri, mtengo wa kwa aneba ukugwedezeka, njiwa zikulimbirana madzi odontha pansi pa thanki pomwe panamera kaudzu. Mutu wolemera ndi nthunzi unkayamba kumasuka, mapewa n'kutsika, mtima womwe pansi paja unkathamanga ngati wakuba n'kuyamba kuyenda bwino. Pakati pa nsaluzo, pomwe sakuonekera, ankawauza malemu amuna awo zonse za tsikulo. Nthawi zina ankalira, misozi n'kuumira limodzi ndi zochapa. Akamatsika amakhala atasanduka munthu, ndipo tsiku lotero tulo tinkabwera.

Izi sanauzepo munthu. Anzawo ankangoona mayi wamkulu akuima pakati pa masitepe, dzanja pa bondo, akupuma wefuwefu. Chisoni chinawagwira, osati chachinyengo ayi, chenicheni. Anapangana okhaokha n'kukadandaula kwa bwana kuti mayi athu atha ndi masitepe. Bwana anagula makina oumitsira zovala, anthu anaomba m'manja, ndipo Anasimbi anathokoza mwaulemu monga analeredwera. Kapitawo ataona kuti kudenga kulibenso wopitako, anakolekapo loko kuopa ana a alendo angakagwe. Onse anachita zabwino. Koma panalibe ngakhale mmodzi amene anati, kodi mayi, inuyo mukuti bwanji?

Makina atsopanowo anawaika m'kachipinda komwe kaja, kutentha n'kuwirikiza. Masabata anapita. Mutu unayamba kuwawa osaleka, chakudya chinkabwerera m'kontena momwe chabwerera, ndipo tsiku lina anawotcha kolala ya shati ya mlendo, chinthu chomwe manja amenewo anali asanachitepo. Ndiye m'mawa wa tsikuli mwana wawo anaimba kuti chaka chinonso sabwera. Anasimbi anati chabwino mwanangu, n'kuika foni pansi. Kenako makoma aja anangokhala ngati akusendera. Mpweya unakana kulowa. Anasiya simbi, n'kukwera masitepe chimanjamanja, mofulumira kuposa mtsikana, n'kukapeza loko.

"Amayi, pepani, koma tinachitira inu nomwe," anatero kapitawo akukwera pang'onopang'ono. "Maondo anu aja."

"Maondo anga anabwera kudzakudandaulirani?"

"Achemwali, ngati mwasowa masitepe bwerani muzinditsitsira mbale za alendo," anaponya nthabwala wophika ali pansi. Awiri anaseka, n'kuleka msanga.

"Nanga kudenga mukakatani, zoyanika palibe?" anafunsanso kapitawo.

Anasimbi anayang'ana loko uja. Unganene bwanji pagulu kuti ukufuna kukaona njiwa? Kuti amuna ako amakumvera pakati pa nsalu?

"Kukapuma."

"Mpandotu ulipo pansi paja, amayi."

"Pansi paja ndi pomwe pakundipha, mwananga. Mwamva? Munandichotsera katundu pamutu n'kundiika mwala pachifuwa."

Kapitawo anasisita matumba n'kunena kuti kiyi anapereka kwa alonda. Wina anati alonda anasiya ku ofesi. Wina anati ku ofesi n'kokhoma, bwana atuluka. Mmodzimmodzi anatola matsache awo n'kubwerera ku ntchito, poti chisoni cha gulu sichichedwa kutopa.

Anatsala okha. Pansi pa chitsekocho panali kampata, ndipo kamphepo kankalowa pamenepo ndi kamzere ka dzuwa. Anasimbi anakhala pa sitepe yomaliza, anavula nsapato, n'kuika mapazi pa kamzereko. Pansi makina ankalira, mulu wa zosita ukudikira.

Kapitawo anasuzumiranso. "Amayi, alendo akufunsa zovala zawo."

"Adikire. Ine pano sindichoka. Kauzeni bwana wanu, kapena alonda, kapena aliyense amene anaona kuti n'koyenera kundikhomera chitseko ichi osandifunsa, akwere masitepe awa ndi maondo ake abwinowo, kiyi ali m'manja, adzandiyankhe pamaso."