Agogo anu ataya mapilitsi a BP

Moni nonse ana anga.

Lero m'mawa ndikuchapa, foni kulira. Ndi Tadala mdzukulu wanga: "Agogo, ndakhoza!" Ine nthungululu, Bangwe yonse yamva, wakhoza ee, mwana wakhoza! Paja ku koleji amafufuza madzi aja amatsala mkaka ukagwirana ngati chambiko. Akuti muli tinthu ting'onoting'ono totha kutsitsako BP.

Koma agogo anu aamuna andikwiyitsa. Atangomva, atenga mapilitsi awo onse n'kukataya m'chimbudzi! Akuti, "Dokotala tili naye m'banja muno, ine ndizingomwa madzi a chambiko." Munthu woti anakomoka m'tchalitchi chaka chatha!

Tadala wawachonderera pa foni, "Agogo, tikuyesabe, mankhwala musasiye." Iwo akuti mwanayo akungodzichepetsa.

Mavuto mwana wanga, ubwere mawa uwaperekeze bambo akowa kuchipatala, ine sakundimvera. Kapena wolakwa ndine, abale?

Obwera kuno kudzavina kuti Tadala wakhoza ndi awa: amake Chisomo, a Nasibeko, Che Jafali ndi akazi awo, a Nangozo. Onsewa a BP, aliyense kabotolo m'manja, akuti ndiwathireko madzi a chambiko aja!