Bodza Langa la M'nyengo ya Lenti

Mwana wanga Tisa, wa giredi 10, anagwidwa ataba mafuta odzola m'shopu ina ku Chipata. Poti kanali koyamba, apolisi, ofesala woona za ana ndi mwini shopu anagwirizana kuti nkhaniyo isafike kukhoti. Anati apepese, azilandira uphungu, ndipo Loweruka lililonse azisesa pakiliniki kwathu ku Chiparamba, ine kholo lake ndili pomwepo. Akajomba, mlandu upita kukhoti.

Loweruka lina anatipeza Amai Zulu, atcheya a kwaya yathu.

"Amake Tisa, mwayamba ntchito pano?"

"Iyayi, ndi ntchito ya chifundo chabe, poti ndi Lenti," ndinayankha, dzanja lili pamtima.

Mawa lake Misa itatha, Amai Zulu anatiimiritsa pamaso pa mpingo wonse kuti ena atengere chitsanzo. Anthu anaomba m'manja, azimayi nkuimba nthungululu. Ine, wopanda manyazi, mpaka ndinapinda maondo kuthokoza. Tisa anangozyolika.

Panjira anati, "Amama, ine ndinavomera pamaso pa apolisi ndikunjenjemera. Lero mwandibetsanso kachiwiri. Ulemu uja si wathu."

Poti nkhani ndi yake, ndinamufunsa ngati angalole kuti ndikaulule zoona kwa Amai Zulu.

"Pitani mukawauze," anatero.

Ndinadziwa kuti Amai Zulu sasunga nkhani, pofika Lachitatu kwaya yonse idzakhala itamva. Ndinapitabe. Pakhomo pawo miyendo inafuna kubwerera, choncho ndinaodira mokweza kwambiri, kuti andimve ndisanathawe.